Gawo Limodzi mwa Magawo Angati? Kusintha Mafulakishoni, Madesimo, Maperesenti ndi Ratio pa Ntchito ya Zaumoyo

1.0 Mawu oyamba

M'mwezi wa Januwale chaka cha 2023, pamene mliri wa kolera udavuta m'maboma ambiri m'dziko muno, ndidali kumudzi kwa azakhali anga. Mwana wina wa pakhomo loyandikana nafe adadwala natengeredwa kuchipatala, ndipo madzulo ake mlangizi wa zaumoyo adabwera kudzatiphunzitsa kasakanizidwe ka mankhwala otsukira pamalo pamene wodwalayo adagona. Mlangiziyo adakweza kapu nati, "Kapu ya JIK ndi iyi. Tsono muthiremo madzi makapu asanu ndi imodzi." Iye atangochoka, mkangano udabuka. Ine ndinkati madzi akhale makapu 6. Azakhali adakana nati, "Iwe mwana, sudamvetsetse. Ati madzi makapu asanu, ndi imodzi ija ya JIK." Tonse awiri tidamva mawu amodzimodzi, ndipo palibe amene adaphwanya lamulo la Chichewa powamasulira, koma manambala amene tidatolamo adali osiyana.

Tsiku limenelo kusiyanako sikudavulaze munthu. Komabe m'chipatala muli mankhwala ena amene kadontho kamodzi kakasochera pa nambala, wodwala amalandira mlingo wochuluka kakhumi kuposa woyenera. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza njira zinayi zimene ogwira ntchito zaumoyo amalembera gawo la chinthu, zomwe ndi fulakishoni, desimo, peresenti ndi ratio, komanso kuonetsa momwe tingasinthire nambala kuchoka m'njira ina kupita m'njira inzake. Kenaka tiona mawu a Chichewa amene amanyamula manambalawa akamachoka papepala kupita m'khutu mwa wodwala. Mfundo yaikulu ndi yakuti munthu asadayambe kuchulukitsa kapena kugawa, ayambe wadzifunsa kuti chinthu chathunthu chimene akugawacho n'chiti. Milingo ya mankhwala imene yatchulidwa muno ndi yophunzirira masamu chabe, pakuti wolamula mlingo wa wodwala ndi dokotala.

2.0 Njira zinayi zolembera gawo la chinthu

2.1 Fulakishoni

Fulakishoni ili ndi manambala awiri, ina pamwamba ina pansi. Nambala ya pansi imatiuza kuti chinthu chathunthu chagawidwa m'magawo angati ofanana, ndipo ya pamwamba imatiuza magawo amene tatenga. Motero 1/4 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene 3/4 ndi magawo atatu mwa magawo anayi. M'chipatala fulakishoni imaoneka kwambiri pa mapiritsi. Mwachitsanzo, piritsi la panado la 500 mg likagawidwa pakati, theka lililonse limakhala 250 mg, ndipo likagawidwa panayi, kota iliyonse imakhala 125 mg.

Chinthu chimene chimasokoneza ophunzira ambiri n'chakuti nambala ya pansi ikamakula, gawo limachepa. Choncho 1/8 ndi yochepa kuposa 1/4 ngakhale kuti 8 ndi yaikulu kuposa 4. Izi n'zosavuta kuzimvetsa tikaganizira buledi mmodzi: anthu anayi akamugawana, aliyense amapeza gawo lalikulu kuposa pamene ogawanawo ali asanu ndi atatu.

2.2 Desimo

Desimo ndi fulakishoni imene nambala yake ya pansi ndi 10, 100, 1,000 ndi kupitirira apo, koma nambala ya pansiyo silembedwa. M'malo mwake timaika kadontho. Malo oyamba kumanja kwa kadontho ndi a magawo khumi, achiwiri ndi a magawo 100, achitatu ndi a magawo 1,000. Tsono 0.5 ndi 5/10, 0.25 ndi 25/100, ndipo 0.125 ndi 125/1,000. Timizere ta pa sirinji timawerengedwa m'madesimo, chimodzimodzinso sikelo ya ana ndi chipangizo choyezera kutentha kwa thupi.

Apanso maso amatha kunyenga. Nambala ya 0.125 imaoneka yaitali kuposa 0.25, koma ndi theka lake chabe. Njira yabwino yoziyerekeza ndi kuzipatsa malo ofanana, kuti 0.250 ndi 0.125, ndipo pamenepo zimaonekeratu kuti 250 ndi 125 kawiri. Mankhwala a mtima otchedwa digoxin amapezeka m'mapiritsi a 0.25 mg ndi a 0.125 mg, ndipo ndi amodzi mwa mankhwala amene mlingo wake ukapitirira pang'ono amasanduka poizoni.

2.3 Peresenti

Peresenti ndi fulakishoni imene nambala yake ya pansi nthawi zonse ndi 100. Mawuwa adachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti "pa 100". Motero 25% ndi 25/100. Pa mabotolo ambiri a diripi ndi a jakisoni, peresenti imatanthauza magalamu a mankhwala amene ali mu 100 ml ya madzi osakanizawo. Diripi ya madzi amchere imene imalembedwa 0.9% ili ndi 0.9 g ya mchere mu 100 ml, kutanthauza 9 g mu lita imodzi. Botolo la shuga la dextrose 50% lili ndi 50 g ya shuga mu 100 ml.

2.4 Ratio

Mawu akuti ratio alibe kalembedwe kokhazikika m'Chichewa, choncho tiwasiya momwe alili. Ratio imayerekeza zinthu ziwiri, ndipo imalembedwa ndi timadontho tiwiri pakati pa manambala, monga 1:4. Mwa njira zinayi zonsezi, iyi ndiyo yofuna kusamala kwambiri, chifukwa m'chipatala timadontho tiwiriti timagwira ntchito ziwiri zosiyana.

Ntchito yoyamba ndi kuyerekeza gawo ndi gawo linzake. Posakaniza mankhwala ndi madzi, 1:4 kawirikawiri imatanthauza gawo limodzi la mankhwala ndi magawo anayi a madzi. Magawo onse pamodzi ndi asanu, choncho mankhwalawo ndi 1/5 ya chosakanizacho, osati 1/4. Ntchito yachiwiri ndi kuyerekeza gawo ndi chinthu chonse. Pa kabotolo ka adrenaline, 1:1,000 imatanthauza galamu imodzi ya mankhwala mu 1,000 ml ya chosakaniza chonse. Chizindikiro n'chimodzi, koma chathunthu chake n'chosiyana, ndipo wowerenga ayenera kudziwa kuti ali pa ntchito iti.

3.0 Kusintha kuchoka m'njira ina kupita m'njira inzake

3.1 Malamulo ake

Malamulo osinthira ndi ochepa, ndipo ndi awa:

(a) Kusintha fulakishoni kukhala desimo: gawani nambala ya pamwamba ndi ya pansi. Chitsanzo: 3/4 ndi 3 ÷ 4 = 0.75.

(b) Kusintha desimo kukhala peresenti: chulukitsani ndi 100, kutanthauza kusuntha kadontho malo awiri kupita kumanja. Chitsanzo: 0.75 × 100 = 75%.

(c) Kusintha peresenti kukhala desimo: gawani ndi 100, kutanthauza kusuntha kadontho malo awiri kupita kumanzere. Chitsanzo: 0.9% ndi 0.009.

(d) Kusintha peresenti kukhala fulakishoni: ikani 100 pansi pake, kenaka chepetsani manambala onse awiri powagawa ndi nambala imodzimodzi. Chitsanzo: 20% ndi 20/100, yomwe ndi 1/5.

(e) Kusintha ratio ya gawo ndi gawo kukhala fulakishoni: phatikizani manambala awiriwo kuti mupeze nambala ya pansi. Chitsanzo: 1:4 imapereka 1/5, ndipo 2:3 imapereka 2/5.

(f) Kusintha peresenti ya pa botolo kukhala mamiligalamu mu mililita imodzi: chulukitsani ndi 10. Chifukwa chake n'chakuti 1% ndi 1 g mu 100 ml, ndipo 1 g ndi 1,000 mg, tsono 1,000 ÷ 100 = 10 mg mu mililita imodzi. Motero mankhwala ochititsa dzanzi a lignocaine 1% ali ndi 10 mg mu mililita iliyonse.

Lamulo (c) ndi limene ambiri amaphonya peresenti ikakhala yochepera 1. Munthu akaona 0.9% amaganiza kuti yasinthidwa kale kukhala desimo chifukwa ili ndi kadontho, ndipo amalemba 0.9. Koma 0.9 ndi 90%, yomwe ndi yaikulu ka 100 kuposa 0.9%.

3.2 Chitsanzo cha adrenaline

Munthu amene thupi lake ladana koopsa ndi mankhwala kapena mbola ya njuchi, mpaka kuyamba kubanika, amabayidwa adrenaline mwamsanga. Tiyerekeze kuti dokotala walamula 0.5 mg ndipo kabotolo kalembedwa 1:1,000. Namwino ayenera kudziwa mamililita oti akoke. Galamu imodzi mu 1,000 ml ndi chimodzimodzi 1,000 mg mu 1,000 ml, kutanthauza 1 mg mu mililita imodzi. Choncho 0.5 mg ndi 0.5 ml. Tikafuna peresenti, 1/1,000 ndi 0.001, ndipo tikachulukitsa ndi 100 tipeza 0.1%.

Palinso adrenaline wa 1:10,000. Ngakhale nambala yake ikuoneka yaikulu, mphamvu yake ndi yochepa kakhumi, pakuti muli 0.1 mg yokha mu mililita imodzi, yomwe ndi 0.01%. Ili ndi phunziro lomwe lija la buledi: ogawana akachuluka, gawo limachepa. Kusokoneza mabotolo awiriwa kudabweretsa ngozi zambiri, moti ku America kuyambira chaka cha 2016 opanga mankhwala adalamulidwa kusiya kulemba mphamvu ya adrenaline ngati ratio, koma azilemba kuti 1 mg/ml kapena 0.1 mg/ml.

3.3 Chitsanzo cha shuga wa mumtsempha

Mwana amene wadwala malungo aakulu nthawi zina shuga wa m'magazi mwake amatsika kwambiri. Malangizo a bungwe la World Health Organization osamalira ana m'chipatala amati mwana wotere apatsidwe shuga wa 10% kudzera mumtsempha, 5 ml pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Ngati m'kabati muli wa 50% yekha, namwino amasakaniza gawo limodzi la shugayo ndi magawo anayi a madzi oyera a jakisoni. Tiyeni titsimikize ndi lamulo (e). Ratio ya 1:4 ndi 1/5, ndipo 1/5 ya 50% ndi 10%. Mwana wolemera 10 kg afunika 50 ml, yomwe ndi 10 ml ya shuga wa 50% ndi 40 ml ya madzi. Munthu amene wawerenga 1:4 ngati 1/4 akoka 12.5 ml ya shuga ndi 37.5 ml ya madzi, ndipo chimene wapangacho ndi 12.5%, osati 10%.

3.4 Chitsanzo cha m'chipinda cha amayi oyembekezera

Chitsanzo ichi chikuonetsa njira zinayi zonse pa ntchito imodzi. Mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri amatha kuyamba kugwa ngati wakhunyu, vuto limene madokotala amalitcha eclampsia. Mankhwala ake ndi magnesium sulphate. Mlingo woyamba wolowa mumtsempha ndi 4 g, ndipo uyenera kukhala wa mphamvu ya 20%, pamene mabotolo ambiri amabwera ali a 50%.

Poyamba mzamba apeze mamililita amene muli 4 g. Ndi lamulo (f), 50% ndi 500 mg mu mililita imodzi. Popeza 4 g ndi 4,000 mg, tigawe 4,000 ndi 500, ndipo tipeza 8 ml. Kachiwiri apeze kuchuluka kwa chosakaniza chonse. Mphamvu ya 20% ndi 20 g mu 100 ml, choncho 4 g, yomwe ndi 1/5 ya 20 g, iyenera kukhala mu 1/5 ya 100 ml, kutanthauza 20 ml. Kachitatu achotse 8 ml pa 20 ml, ndipo madzi ofunika ndi 12 ml.

Tsono tionenso yankholi m'njira zonse zinayi. Ratio ya mankhwala ndi madzi ndi 8:12, yomwe ikachepetsedwa ndi 2:3. Fulakishoni ya mankhwala m'sirinjimo ndi 8/20, yomwe ndi 2/5. Desimo yake ndi 0.4. Tikachulukitsa 0.4 ndi 50% tipeza 20%, zomwe zikutsimikiza kuti sitidalakwitse. Kubwerera m'mbuyo kotereku ndi chizolowezi chabwino, makamaka usiku pamene mzamba ali wotopa ndipo odwala ndi ambiri.

3.5 Chitsanzo cha kulorini

Tibwerere ku mkangano wa kumudzi uja. JIK wamba amakhala ndi mphamvu ya 3.5%, ngakhale kuti nthawi zonse ndi bwino kuwerenga pa botolo. Kuti tipeze magawo a madzi, timagawa mphamvu ya pa botolo ndi mphamvu imene tikufuna, kenaka timachotsapo 1. Ngati tikufuna 0.5%, masamu ake ndi 3.5 ÷ 0.5 = 7, ndipo 7 − 1 = 6. Nambala ya 7 ndi magawo onse pamodzi, ndipo 1 imene tachotsayo ndi gawo la JIK. Choncho mlangizi uja ankatanthauza madzi makapu 6. Ratio yake ndi 1:6, fulakishoni yake ndi 1/7. Njira ya azakhali, ya madzi makapu asanu, ikadapereka 3.5 ÷ 6, yomwe ndi pafupifupi 0.58%. Apa kusiyana n'kochepa. Koma kulorini wosambira m'manja amayenera kukhala 0.05%, ndipo munthu amene waphonya ziro mmodziyo nasamba ndi wa 0.5% wagwiritsa ntchito mphamvu yochuluka kakhumi, imene imawononga khungu.

4.0 Kadontho ndi ziro

Kadontho ndi kakang'ono kwambiri, ndipo pa pepala lofufutika kapena lolembedwa mothamanga kamatha kusowa. N'chifukwa chake pali malamulo awiri a kalembedwe. Loyamba ndi lakuti nambala yochepera 1 iyambe ndi ziro: tilembe 0.5 mg, osati .5 mg, chifukwa kadontho kakapanda kuoneka wina awerenga 5 mg. Lachiwiri ndi lakuti nambala yathunthu isatsatidwe ndi kadontho ndi ziro: tilembe 5 mg, osati 5.0 mg, chifukwa wina awerenga 50 mg. Bungwe loyendera zipatala ku America la Joint Commission lidaika malamulo awiriwa pa mndandanda wake wa kalembedwe koletsedwa m'chaka cha 2004.

Kwa ife ophunzira zilankhulo pali chinanso chochititsa chidwi. Kalembedwe ka manambala kamasiyana malinga ndi chilankhulo. Kuno kwathu timatsata Chingerezi, choncho theka timalilemba 0.5 ndipo chikwi timachilemba 1,000. M'Chipwitikizi, chomwe ndi chilankhulo cha boma ku Mozambique, zimatembenuka: theka ndi 0,5 ndipo chikwi chimatha kulembedwa 1.000. Zipatala za m'maboma a m'malire monga Mwanza, Dedza ndi Mulanje zimalandira odwala ochokera kutsidyako, ena atanyamula zikalata zawo za kuchipatala. Wodwala ndi namwino atha kumvana bwinobwino m'Chichewa, koma 1,250 ya pa chikalatacho kwa mmodzi ndi nambala yopitirira chikwi, pamene kwa wina ndi imodzi ndi kota.

5.0 Maperesenti a m'malipoti a zaumoyo

Ogwira ntchito zaumoyo sawerengera mankhwala okha. Amalembanso malipoti, ndipo funso lija lakuti chathunthu n'chiti limabweranso.

Kafukufuku wa boma wotchedwa Malawi Demographic and Health Survey adapeza kuti mu 2010 ana 47% osapitirira zaka zisanu adali okwinimbira, ndipo mu 2015-16 adali 37%. Munthu akanena kuti kukwinimbira kudatsika ndi 10%, mawu akewo angamveke pawiri. Kusiyana kwa 47 ndi 37 ndi 10, zoona, koma tikayerekeza 10 ndi pamene tidayambira, 10/47 ndi pafupifupi 0.21, kutanthauza kuti vutoli lidachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Njira yosasokoneza ndi kutchula manambala onse awiri, kuti kuchoka pa ana 47 kufika pa ana 37 mwa ana 100 aliwonse.

Kafukufuku yemweyo wa 2015-16 adapeza kuti amayi 439 ankamwalira chifukwa cha uchembere pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo. Apa nambala ya pansi si 100. Tikagawa 439 ndi 100,000 tipeza 0.00439, yomwe ndi pafupifupi 0.44%. Munthu wongomva 0.44% angaganize kuti n'zochepa. Koma tikagawa 100,000 ndi 439 tipeza pafupifupi 228, kutanthauza kuti pa ana 228 aliwonse obadwa, mayi mmodzi ankataya moyo. Nambala ndi yomweyo, koma kanenedwe kachiwirika ndi kamene munthu wa pamsonkhano wa kumudzi angakamve.

Mliri wa kolera umene udayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 udapha anthu oposa 1,700, omwe adali pafupifupi 3% ya odwala onse. Bungwe la World Health Organization limanena kuti chithandizo chikamafika msanga, omwalira sayenera kufika 1%. Tikasintha 3% kukhala fulakishoni, tipeza 3/100, yomwe ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa odwala 33.

Chitsanzo chomaliza ndi cholinga cha 95-95-95 chimene bungwe la UNAIDS lidakhazikitsa polimbana ndi HIV. Cholingachi ndi chakuti 95% ya anthu amene ali ndi kachirombo adziwe momwe magazi awo alili, 95% ya odziwawo azimwa mankhwala, ndipo 95% ya omwa mankhwalawo kachirombo kakhale katachepa kwambiri m'magazi mwawo. Peresenti iliyonse ili ndi chathunthu chake. Mwa anthu 1,000, odziwa akhala 950, omwa mankhwala akhala pafupifupi 902, ndipo a gulu lachitatu akhala 857. M'madesimo, 0.95 × 0.95 × 0.95 = 0.857. Choncho ngakhale cholinga chitakwaniritsidwa, gulu lomalizalo ndi pafupifupi 86% ya onse amene ali ndi kachirombo, osati 95%.

6.0 Manambalawa m'Chichewa

Namwino amawerenga ndi kuwerengera m'Chingerezi, koma wodwala amamulankhula m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chilankhulo china cha m'deralo. Motero pali kusintha kwachisanu kumene sikuphunzitsidwa m'buku la masamu, komwe ndi kuchotsa nambala papepala kuiika m'mawu. Pa Chichewa tingatchulepo zinthu zinayi.

Choyamba, Chichewa chimawerenga mpaka zisanu, kenaka chimayamba kuphatikiza: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka kufika khumi. Mawu akuti "ndi" amene amamanga manambalawa ndi omwewo amene amalumikiza zinthu ziwiri zosiyana m'chiganizo. Apa ndi pamene padachokera mkangano wathu. "Makapu asanu ndi imodzi" itha kukhala nambala imodzi, 6, kapena zinthu ziwiri, 5 ndi 1. Anthu ambiri amangonena kuti "makapu sikisi", ndipo ngakhale aphunzitsi ena a Chichewa sakondwera nazo, pa nkhani ya mankhwala kubwereka kumeneku kumachotsa chisokonezo.

Chachiwiri, kamawu kakuti "mwa" kamaloza chathunthu. Tikati "gawo limodzi mwa magawo asanu", gawo limodzilo lili m'kati mwa asanuwo, ndipo iyi ndi fulakishoni ya 1/5. Koma tikati "gawo limodzi la mankhwala ndi magawo asanu a madzi", magawo onse ndi 6, ndipo iyi ndi ratio ya 1:5. Womasulira amene wapatsidwa 1:4 nalemba kuti "gawo limodzi mwa magawo anayi" wasintha mphamvu ya mankhwala popanda kukhudza nambala iliyonse. Apa Chichewa chili ndi mwayi kuposa timadontho tiwiri tija, chifukwa chimamukakamiza wolankhula kusankha pakati pa "mwa" ndi "ndi".

Chachitatu, mawu akuti "theka" amasintha tanthauzo la mlingo malinga ndi malo ake. "Theka la piritsi limodzi" ndi 0.5, pamene "piritsi limodzi ndi theka" ndi 1.5, yomwe ndi yochuluka katatu. Mawu ake ndi pafupifupi omwewo, ndipo pawindo lolandirira mankhwala pamene pali phokoso ndi mzere wautali, mayi amene ali ndi mwana wolira kumsana atha kumva china m'malo mwa chinzake. Njira yabwino ndi kunyema piritsilo iye akuona, kenaka kumupempha kuti abwereze m'mawu ake zimene wamva.

Chachinayi, peresenti imamveka bwino tikaimasulira ndi anthu enieni, monga "ana 37 mwa ana 100 aliwonse". Koma peresenti ikakhala ndi kadontho, njirayi imavuta, pakuti sitinganene kuti "anthu 0.5 mwa anthu 100". Pamenepo womasulira ayenera kusintha nambala ya pansi: 0.5% ndi 5/1,000, yomwe ndi munthu mmodzi mwa anthu 200. Izi zikusonyeza kuti womasulira uthenga wa zaumoyo sangathawe masamu.

7.0 Zoyeserera

1. Piritsi la zinc ndi la 20 mg. Khanda losakwana miyezi 6 limene likutsekula m'mimba limalandira theka la piritsi patsiku. Ndi mamiligalamu angati? Lembani thekalo ngati desimo ndi peresenti.

2. Kodi mu 5 ml ya lignocaine 2% muli mamiligalamu angati?

3. Muli ndi kulorini wa 0.5% ndipo mukufuna wa 0.05%. Pezani magawo a madzi, ratio ndi fulakishoni.

4. Tiyerekeze kuti m'dera lina muli ana 240 ndipo 180 alandira katemera. Lembani olandirawo ngati fulakishoni, desimo ndi peresenti. Nanga ratio ya olandira ndi osalandira ndi yotani?

5. Fotokozani m'Chichewa kasakanizidwe ka 1:6 m'njira yoti munthu sangamve pawiri.

Mayankho: (1) 10 mg, 0.5, 50%. (2) 2% ndi 20 mg mu mililita imodzi, choncho 5 ml ndi 100 mg. (3) 0.5 ÷ 0.05 = 10, ndipo 10 − 1 = 9; ratio ndi 1:9, fulakishoni ndi 1/10. (4) 3/4, 0.75, 75%, osalandira ndi 60, choncho ratio ndi 180:60, yomwe ndi 3:1. (5) Yankho limodzi lingakhale lakuti, "Thirani kapu imodzi ya JIK. Ndi kapu yomweyo thirani madzi ka sikisi. Makapu onse pamodzi akhale seveni."

8.0 Mawu omaliza

Nkhani ino yaonetsa kuti fulakishoni, desimo, peresenti ndi ratio ndi njira zinayi zolembera kuchuluka kumodzimodzi, ndipo malamulo osinthira ndi osavuta kuwaloweza. Chovuta ndi kuzindikira chathunthu: ngati 1:4 ndi magawo anayi kapena asanu, ngati 95% ndi ya anthu onse kapena ya gulu lina mwa iwo, ngati "asanu ndi imodzi" ndi nambala imodzi kapena ziwiri. Ambiri mwa ife amene tikuphunzira zilankhulo sitidzagwira sirinji, koma ena tidzapatsidwa timapepala ta malangizo a mankhwala, zikwangwani za kuchipatala ndi mauthenga a pawailesi kuti timasulire. Pa ntchito imeneyo ndi bwino kuwerengera kaye nambala iliyonse tisadailembe m'Chichewa, ndipo pamene takayika tibwerere kwa namwino kapena dokotala kukafunsa, pakuti akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ife tsiku lija tidatuma mwana kukamuitananso mlangizi uja, ndipo atabwera adathira yekha madziwo tonse tikuwerenga mokweza mpaka sikisi.